Analenga Optimus Prime ndani? Mlandu wa zidole m'munsi mwa Dzalanyama

Chidolecho chinachokera pa mulu wa kaunjika pa msika wa Mitundu, pakati pa nsapato za ana ndi zikwama zakufa zipi. Chinali chofiira kumtunda, chabuluu kumiyendo, ndipo mkono wakumanzere unali utaduka kale kwa eni ake oyamba kutsidya kwa nyanja. Koma mfundo zake zinali zamoyo. Ukapinda miyendo cham'mbuyo, n'kubisa mutu, n'kutembenuza mapewa, chimunthu chija chinkasanduka mutu wa thiraki, matayala n'kumagudubuzika bwinobwino pa simenti ya pakhonde. Anachigula ndi mwana wa mlongo wanga wa ku Malingunde, wa Sitandade 7, ndi ndalama za ganyu yothothola mtedza. Dzina la chidolecho ankalidziwa asanachigwire n'komwe: Optimus Prime.

Loweruka lina masana ndinawapeza atatu pakhondepo, iye ndi anzake awiri, mawu atakwera ngati anthu olimbirana malire a munda. Zakuti wamphamvu ndani pakati pa Optimus ndi mdani wake Megatron anazimaliza kalekale. Tsiku limeneli ankakangana za amene analenga maloboti amenewa. Wina ankati ndi mayi uja woyandama m'malere, Quintessa, poti anamuona ndi maso ake mufilimu akudzitchula yekha kuti ndiye mlengi. Wachiwiri ankati ayi, moyo wawo unachokera m'chibokosi chija chotchedwa AllSpark, ndipo a DJ omasulira filimuyo m'Chichewa ananena momveka. Wathuyu, amene usiku amabwereka foni ya mkulu wake, ankati onsewo ndi ana: mlengi weniweni ndi Primus, amene thupi lake ndilo dziko lawo lonse.

"Atsibweni, tiweruzeni ndinu. Wabodza ndani apa?"

Ndinawauza kuti wabodza palibe, ndipo anandiyang'ana ngati munthu wothawa mlandu. Koma ndi mmene zililidi. Mkangano umenewu ndi wamkulu kuposa anawo. Anthu a imvi zawo ku America, ku Britain ndi ku Japan akhala akuukoka kwa zaka pafupifupi 40, ndipo gwero lake ndi limodzi: zidole zinatsogola, nkhani inabwera pambuyo.

Mu 1983 anthu a kampani ya Hasbro anaona pa chionetsero cha zidole ku Tokyo timagalimoto, timfuti ndi timawailesi tosanduka maloboti, topangidwa ndi kampani ya Takara pa mayina a Diaclone ndi Micro Change. Ku Japan thiraki imene ana athu amaitcha Optimus inalibe mzimu. Inali makina chabe, ndipo m'kati mwake munkakhala kamunthu koyendetsa. Hasbro itagula ufulu wogulitsa zidolezi, inapempha kampani ya nthano zojambula ya Marvel kuti izipatse mayina ndi mbiri. Jim Shooter anayala maziko a nkhondo ya Autobots ndi Decepticons, Denny O'Neil anatcha Optimus Prime dzina, Bob Budiansky n'kutcha Megatron ndi ena ambirimbiri. Mu 1984 zidole, makatuni a pa TV ndi timabuku ta Marvel zinatuluka pamodzi pa dzina la Transformers. Makatuni ankalemba ndi anthu ena, timabuku enanso, ndipo sanakhalirane pansi kuti agwirizane za chiyambi cha zinthu. Ntchito yawo inali yakuti mwana akaone chidole m'sitolo n'kuchizindikira. Za mlengi zinali kutali.

N'chifukwa chake kabuku koyamba ka Marvel kanangolambalala funsoli. Kanati moyo pa Cybertron, dziko la malobotiwo, unadzimerera wokha kuchokera ku magiya ndi zitsulo zina zotere, monga asayansi amafotokozera za zamoyo za dziko lathu lino. Mlengi panalibe.

Alengi oyamba anatulukira mu 1986, ndipo sanali okondweretsa. Mufilimu ya makatuni ya chaka chimenecho munaoneka zilombo zotchedwa Quintessons, chilichonse mutu umodzi nkhope zisanu, zitakhala pa mpando woweruza. Wozengedwa mlandu akapezeka wosalakwa, zinkamuponyabe m'dziwe la nsomba zachitsulo kuti zimudye. Milungu ingapo pambuyo pake makatuni a pa TV anaulula kuti zilombo zimenezi ndizo zinamanga Cybertron, ndipo zinaimanga kuti ikhale fakitale. Katundu wake anali wa mitundu iwiri: maloboti otumikira pakhomo, ndi maloboti ankhondo. Zidzukulu za oyambawo ndi Autobots, za achiwiriwo ndi Decepticons. Katunduyo atayamba kuganiza ndi kumva kuwawa, anaukira eni fakitale n'kuwapirikitsa.

Mwa nthano zonse za chiyambi cha maloboti amenewa, iyi ndiyo imandigwira mtima kwambiri. Ikunena zoona za zidolezo zimene: zinapangidwadi m'fakitale kuti zigulitsidwe. Komanso kwa ife amene agogo athu ankasimba za anthu ogwidwa n'kutsikira nawo ku Nkhotakota kwa Jumbe, nkhani ya cholengedwa chimene mlengi wake ndi mwini akapolo si yopepuka. Imafunsa funso lolemera: kodi wokupanga ali ndi ufulu wokugulitsa? Ndipo imayankha kuti ayi.

Mufilimu yomweyo ya 1986 munali Unicron, dziko lathunthu lachitsulo lodya maiko anzake. Mawu ake anali a Orson Welles, amene anawajambula atatsala pang'ono kumwalira mu Okutobala 1985. Makatuni anadzati chilombochi anachipanga ndi kawasayansi kakang'ono kooneka ngati pusi, dzina lake Primacron. Ambiri yankho limeneli silinawakhutitse: chinthu chomeza maiko n'kupangidwa ndi kapusi?

Amene anasintha zonse ndi Simon Furman wa ku Britain. Kumeneko timabuku ta Transformers tinkatuluka pafupipafupi kuposa ku America, mpaka tinafika 332, choncho nthano zochokera ku America sizinkakwana. Furman ndiye ankalemba zodzazira mipata. Mu 1988 anati Unicron si makina opangidwa ndi wina, koma mulungu wachisokonezo amene analipo kuyambira kalekale, ndipo ali ndi mdani wake wa kuwala, Primus. Awiriwa atamenyana kosatha, Primus anatchera msampha umene unakola onse awiri: mizimu yawo inatsekeredwa m'zimiyala zachitsulo zoyandama m'mlengalenga. Unicron anaphunzira kuumba ndende yakeyo kuti izisanduka dziko kapena chimunthu. Primus yake anaiumba kukhala Cybertron, n'kubereka ana otha kusanduka, kuti tsiku lina adzalimbane ndi mdaniyo. Mu 1989 Furman anapatsidwanso timabuku ta ku America, n'kumusamutsira Primus kumeneko. Nkhaniyi anaisimba kangapo, kudzera pakamwa pa osimba osiyanasiyana, ndipo nthawi iliyonse pena pankasintha. Ndiye taonani: ngakhale mlembi mmodzi yemweyo anasiya mboni zosagwirizana.

Mafilimu a Michael Bay, amene ndiwo ana ambiri a ku Mitundu ndi ku Nathenje anayambira kuona m'nyumba za vidiyo, anangowonjezera nkhuni. Ya 2007 inati moyo unachokera ku chibokosi cha AllSpark, chimene chiyambi chake ngakhale malobotiwo sachidziwa. Ya 2014 inabweretsa "alengi" amene anafika padziko lino zaka 65 miliyoni zapitazo n'kupha zinyama zikuluzikulu zamakedzana posandutsa nthaka chitsulo. Nkhope zawo sizinaonetsedwe. Chinaoneka ndi dzanja lokha, dzanja lamnofu. Ya 2017 ndiyo inatulutsa Quintessa, n'kuwonjezera kuti dziko lathu lomwe lino ndiye Unicron ali chigonere. Kenaka Transformers One ya 2024 inabwerera kwa Primus wosanduka dziko, Quintessons n'kukhala adani ochokera kunja. Anyamata atatu aja aliyense anagwira filimu yake, ndipo aliyense anaigwira bwino.

Apa ndi pamene otsatira nkhanizi amalowera, ndipo ntchito yawo sindiipeputsa. Amachita ngati nduna za mfumu pabwalo: mboni zasiyana mawu, koma palibe imene mungaithamangitse, ndiye mufufuze njira imene mawu a onse angakhalire oona. Amabwereza kuonera, amayerekeza zaka, amakumbuka kachiganizo kamene mlembi mwini wake anaiwala.

Ganizo lawo lotchuka kwambiri ndi lakuti Quintessons anali akuba, osati alengi. Makatuni a 1985 anali ataonetsa kale kompyuta yakalekale pakatikati pa Cybertron, yotchedwa Vector Sigma, imene imapatsa loboti nzeru ndi khalidwe. Otsatira anati: kompyuta imeneyo ndi mbali ya Primus ali m'tulo. Quintessons anafika pa dziko la eni, anapeza chitsime cha moyo chili chikumbire, anamangapo fakitale n'kumadzitcha alengi. Iwo ankaumba matupi okha. Moyo unkachokera kwina. Makatuni a Beast Wars, amene anayamba mu 1996, analimbitsa ganizoli pobweretsa spark, kambaliwali ka moyo kokhala m'chifuwa mwa loboti iliyonse, kamene kamabwerera kumene kanachokera lobotiyo ikafa. Thupi kwa wosula, mzimu kwa mwini mzimu: Mchewa aliyense akhoza kumva zimenezi popanda womasulira. Ganizoli linakula mpaka linalowa m'nthano zovomerezeka zimene zinkatuluka pa BotCon, msonkhano wa otsatira umene unayamba mu 1994. Mu 2013 buku la The Covenant of Primus linapita patsogolo: linati Primus analenga ana 13 oyamba, ndipo mmodzi wa iwo, Quintus Prime, ndiye anapanga Quintessons. Odzitcha alengi aja anasanduka zidzukulu zopulupudza za mlengi weniweni.

Za Quintessa nazo pali zonena. Otsatira amaloza dzina lake, lofanana ndi la Quintessons ndi la Quintus. Amalozanso kuti mufilimu ya 2017 momwemo asilikali akale amamutcha wonyenga wamkulu, ndiponso kuti iye ndi wachitsulo pamene dzanja la mlengi la 2014 linali lamnofu. Ndiye kapena ndi wantchito wa alengiwo, kapena wotsala wa mtundu wawo amene anadzivala chitsulo, kapena wabodza chabe. Mafilimu otsatira, kuyambira Bumblebee ya 2018, anakhotera kwina osamaliza nkhaniyo, ndipo mlandu unatsala pabwalo.

Palinso yankho limodzi limene ndimalikonda chifukwa cha kufatsa kwake. M'nthano za kampani ya IDW, mlembi James Roberts anakhala zaka akuonetsa kaloboti kowonda, kovala magalasi, dzina lake Rung, kamene ntchito yake inali kumvetsera mavuto a anzake, ndipo anzakewo nthawi zonse ankaiwala dzina lake. Mu 2018 zinaululika kuti iyeyo ndiye Primus, woyamba wa onse, amene anaiwalika mpaka anadziiwala yekha. Mlengi anali pakati pawo masiku onsewo, akuwamvetsera.

Koma pali mfundo zina zokana kumangika, ngakhale mutaluka chingwe chotani. Optimus wa makatuni ndi wa mafilimu a Bay sangakhale munthu mmodzi: anafika padziko lino nthawi zosiyana, anzawo ndi osiyana, anafa imfa zosiyana. Apa ndipo panalowa ganizo la maiko ambirimbiri oyenda moyandikana koma osaonana, limene pa Chingelezi amati multiverse. Si la Transformers lokha. Wasayansi Hugh Everett analemba mu 1957 kuti mwina chilichonse chimene chikanatha kuchitika chimachitikadi, china kuno china kwina, ndipo a nthano zojambula za DC anayamba kusewera nalo mu 1961 pamene anakumanitsa Flash wa dziko lina ndi Flash wa dziko linzake. Kwa olemba nthano ganizoli ndi mankhwala a mutu: nkhani ziwiri zikasemphana, mungoti iyi inachitikira uku, iyo uko.

A Transformers anafika nalo patali. Dziko lililonse analipatsa dzina ndi nambala. La makatuni oyamba aja limatchedwa Primax 984.17 Alpha, ndipo nambalayo yabisa tsiku limene makatuniwo anayamba kuonetsedwa, 17 Sepitembala 1984. Pa BotCon ya 2008 panatuluka dziko la kalilole, Shattered Glass, kumene Optimus ndi wankhanza wovala zofiirira ndipo Megatron ndiye womenyera ufulu. Pamwamba pa zonsezi anaikapo lamulo lakuti maiko ndi ambiri koma Primus, Unicron ndi ana 13 aja ndi amodzi okhaokha m'maiko onse. Unicron ndi mmodzi yemweyo amene amayendayenda, akadya dziko ili n'kuwolokera ku linzake. Akaphedwa kuno, wangothamangitsidwa, adzatulukira kwina.

Lamuloli linali lokongola pomva, koma linabala mafunso kuposa amene linayankha. Ngati Unicron ndi mmodzi, nanga uja anapangidwa ndi kapusi Primacron ndi ndani? Ku dziko la kalilole, kumene abwino ndi oipa, Primus ali mbali iti? Nanga The Fallen, mmodzi wa 13 aja, amene m'nthano zojambula ndi chimunthu choyaka moto koma mufilimu ya 2009 ndi wamtali wowonda wa nkhope ngati ya mafumu a ku Egypt? Otsatira anatsutsana zaka zambiri, ndipo mu 2015 olemba nthano za gulu la otsatira anangolithetsa lamulolo kudzera m'nthano ina. Kuyambira pamenepo dziko lililonse lili ndi ufulu wokhala ndi mlengi wakewake.

Maganizo anga pa maiko ambiriwa ndi awiri, ndipo sindibisa kuti lachiwiri ndilo lolemera. Loyamba, amabweretsa mtendere: mwana amene anakulira pa filimu ya 2007 sauzidwa kuti zimene anakonda n'zabodza. Lachiwiri, amapeputsa imfa. Optimus atafa mufilimu ya 1986 ana analira m'nyumba za kanema, makolo anadandaula, mpaka mu 1987 olemba anamuukitsa. Analira chifukwa Optimus anali mmodzi. Mukakhala ndi a Optimus osawerengeka, wina akagwa mumangotembenukira kwa winayo, ndipo nsembe imene anapereka imachepa mphamvu. Tisaiwalenso kuti dziko latsopano lililonse ndi mpata wogulitsa chidole chakale chitapakidwa utoto wina. Ngakhale milungu yeniyeniyo inafika pa shelefu: Unicron anayamba kugulitsidwa ngati chidole mu 2003, Primus mu 2006.

Zidole za Bionicle za kampani ya Lego, zimene zinayamba mu 2001, zinayenda njira yofananayo: alengi obisika otchedwa Great Beings, maiko ena kumene ngwazi inasanduka wolamulira wankhanza, ndi chinsinsi chimene chinaululika mu 2008 chakuti anthu a m'nthanoyo ankakhala m'kati mwa thupi la chiloboti chachikulu, Mata Nui. Zidolezo zitasiya kupangidwa mu 2010 nthano inatsala m'malere, ndipo otsatira mpaka lero akuisokerera okha. Koma chimene ndimakumbukira Bionicle ndi china. Mayina ambiri a m'nthanoyo anatengedwa ku chilankhulo cha Amaori a ku New Zealand, ndipo eni ake anadandaula mu 2001. Liwu lakuti tohunga, limene kwa iwo ndi la wansembe kapena katswiri wolemekezeka, linali litaikidwa pa tizidole ta anthu wamba. Lego inamva, n'kusintha dzinalo kukhala Matoran. Amaori anadziwa kuti mawu awo opatulika ali ndi eni.

Nkhani ya Amaoriyi ndiyo inandipangitsa kudzutsa maso pakhonde paja. Ukaima ku Malingunde n'kuyang'ana kolowera dzuwa, mapiri a Dzalanyama ali apo, atandandalika ngati khoma. Madzi a m'madamu a Kamuzu, amene mzinda wa Lilongwe umamwa, amachokera kumeneko. Ndipo m'mapiri amenewo ndimo muli Kaphirintiwa, pamene makolo athu amati anthu oyamba anatsikira. Ndinawafunsa anyamatawo ngati akuidziwa nkhaniyo. Mmodzi anati dzinalo analimvapo kusukulu. Enawo anapukusa mitu. Ana otha kutchula Quintus Prime, obadwira m'munsi mwa phiri lomwelo.

Ndiye ndinawasimbira monga ndinaimvera. Pachiyambi dziko linali louma, lopanda chamoyo. Tsiku lina mitambo inachita bii, mphezi zinang'anima, kumwamba kunatseguka, ndipo Chauta anatsika ndi mvula, pamodzi ndi mwamuna ndi mkazi ndi nyama zonse. Anthuwo anali ndi khasu, lichero ndi mtondo. Anatera pa thanthwe likadali lofewa, ndipo mapazi awo ndi a nyama anadindika pomwepo, thanthwelo n'kuuma. Chauta, anthu ndi nyama ankakhala pamodzi mwamtendere. Kenaka munthu, posewera ndi timitengo tiwiri, china chofewa china cholimba, anapeka moto. Anamuchenjeza koma sanamve. Tchire linayaka. Galu ndi mbuzi anathawira kwa munthu; njovu, mkango ndi anzawo anathawira kutali, ali ndi mkwiyo umene sunathe mpaka lero. Bilimankhwe anakwera mumtengo n'kuitana Chauta kuti akwere naye, koma Chauta anati wakalamba, sangathe. Kangaude ndiye anaponya ulusi wake, Chauta n'kukwera nawo kumwamba. Ali kumeneko analamula kuti munthu azifa, n'kumutsata.

Sindikuika Chauta pa muyeso umodzi ndi chidole. Ku Msinja, m'munsi mwa Dzalanyama momwemo, kuli kachisi wa Makewana, mayi wa ana onse, kumene anthu akhala akukapempha mvula kwa mibadwomibadwo, ndipo phiri la Bunda pafupi ndi Mitundu nalo linali malo a nsembe. Zimenezi anthu anaikirapo moyo wawo ndi wa ana awo. Primus palibe anamuthirirapo nsembe. Chimene ndikuyerekeza ndi njira yosungira nkhani imene ili ndi osimba ambiri. Nkhani ya Kaphirintiwa nayo simveka chimodzimodzi pakamwa paliponse. Ena amawonjezera, ena amachotsa. Palinso nthano ina ya imfa, ya bilimankhwe amene anachedwa ndi uthenga wa moyo buluzi n'kumupitirira ndi uthenga wa imfa, ndipo siigwirizana kwenikweni ndi ya moto ija. Agogo athu ankasimba zonse ziwiri usiku umodzi, pamoto umodzi, osaona chifukwa chogawira dziko pawiri.

Mayina nawo ndi ambiri. Tikamakamba za kulenga timati Namalenga. Kukagunda bingu timati Mphambe. Utawaleza ukaoneka timakumbuka Leza ndi Chauta. Ku akachisi a mvula amati Chisumphi. A Transformers anatenga mlengi n'kumumwaza m'maiko ambiri. Makolo athu anasiya dziko lili limodzi, Mlengi ali mmodzi, n'kulola mayina ndi nthano zichuluke malinga ndi mbali imene munthu waimirira. Akhristu a ku Malingunde amachita chimodzimodzi akamawerenga Genesis: mutu woyamba ndi wachiwiri umasanja kulengedwa kwa zinthu mosiyana, koma palibe m'busa anaimapo pa guwa n'kunena kuti awa ndi maiko awiri. Ndipo mayina aja sanafe. Buku Lopatulika la 1922 linalemba Yehova. Buku Loyera la 1998 pamalo omwewo linalemba Chauta.

Ofufuza nawo ali ndi maganizo awo pa Kaphirintiwa, monga otsatira zidole ali ndi awo. Wansembe wa Chikatolika Matthew Schoffeleers, amene anakhala zaka zambiri akufufuza chipembedzo cha makolo m'Malawi muno, anaona m'nthanoyi chaka chathu chaulimi: mvula itsika, dziko libiriwira, chilimwe chifika, anthu atentha tchire posaka nyama, utsi ukwera kumwamba, mitambo ibweranso. Kutsika ndi kukwera kwa Chauta kukuchitika chaka ndi chaka pamaso pathu. Aliyense amene anaonapo moto wolusa usiku m'mapiri a Dzalanyama mwezi wa Okutobala adziwa kuti ganizo limeneli silinatoledwe m'malere. Kusiyana kwake ndi kwakuti nkhani ya Primus ili ndi kampani imene ingadzuke mawa n'kulengeza kuti zakale zija zafafanizidwa. Ya Kaphirintiwa ilibe ofesi. Ili ndi thanthwe, ndi anthu oisimba. Ikasowa oisimba, palibe wina adzaitulutsenso ndi utoto watsopano.

Chimene chinandisangalatsa n'chakuti nditangomaliza, anyamata aja anaigwira nkhaniyo ndi manja omwe aja amagwirira ya maloboti. Thanthwe linafewa ndi mvula kapena linali lisanakhwime chilengedwere? Kangaude ulusi wake anaumangirira pa chiyani kumwambako? Ngati nyama zinatsika zonse, nsomba zinatera pati? Wa AllSpark uja anati mwina Chauta sanakalambe ayi, anangokana dala kukwera mumtengo chifukwa anali atatsimikiza kale zochoka. Anzake anamutsutsa, iye n'kuumirira. Kenaka mwana wa mlongo wangayo anakhala duu kanthawi, akutembenuza chidole chija m'manja.

"Atsibweni, nanga munthu uja akanamvera, osapeka moto? Ndiye kuti kwinakwake kuli dziko limene Chauta sanachoke, mkango ukugona pakhonde ngati galu?"

"Nanga nsima akuphikira chiyani kumeneko?" anamufunsa mnzake.

Anakangana za nsimayo mpaka dzuwa linapendeka. Wina ankati dziko lopanda moto ndi la njala, wina ankati kumene kuli Chauta njala singafike, wachitatu ankati munthu ndi munthu, akanapanda kupeka tsiku limenelo akanapeka mawa lake. Ine ndinangokhala chete, chifukwa funso limene anafika nalo ndi lomwe lija akuluakulu amavutika nalo: ngati kugwa kwa munthu kunali kosapeweka kapena ayi.

Ana amenewa kulenga akukudziwa ndi manja awo. Asanaone Optimus anali atapanga kale magalimoto a mawaya osawerengeka: matayala odula ku patapata wakutha, zitsekerero za mabotolo m'malo mwa nyali, malegeni omangira mfundo, ndi chiwongolero chachitali chimene mwini galimoto amagwira akuthamanga pambuyo pake. Mzungu wina amene anakhalako ku Malawi, Karen Lynn Williams, anachita nazo chidwi mpaka analemba kabuku ka ana kotchedwa Galimoto mu 1990. Pa galimoto ya mawaya sipakhala mkangano wa mlengi. Mudzi wonse umadziwa anaipinda ndani, ndipo ukaiona ikudutsa umazindikira dzanja lake pa kapindidwe ka bampala.

Nditapitanso ku Malingunde patatha milungu itatu, ndinapeza Optimus ali ndi mikono iwiri. Wakumanzerewo unali wa waya wa mpanda, wopindidwa katatu kuti ukhale ndi chigongono, womangidwa paphewa ndi legeni yakuda, zala zake zinayi za kawaya kofewa ka m'chingwe cha wailesi. Chifukwa cha mkonowo chidolecho sichisandukanso thiraki bwinobwino: ukachipinda, wayayo amatsala panja, atatukuka pamwamba pa denga. Anzake anamuuza kuti wachiononga, Optimus weniweni sakhala choncho. Iye anawayankha kuti ameneyu si wa mufilimu, ndi wa dziko lina, kumene mkono unadyedwa ndi Unicron ndipo anakamuika wina ku Malingunde. Nambala ya dzikolo anali atailemba kale ndi makala kuseri kwa chitseko, ndipo anali akufunsa amayi ake mtengo wa kabaza wokafika ku Msinja.